Matabwa Khumi ndi Awili Pansi pa Udzu

Inu ana, pa Khilisimasi yapitayi munandiseka chifukwa cha nsalu imene ili pakhomo la chipinda changa. Iwe Wezi unafika poyeza khomolo ndi foni yako, ati foniyo imadziwa kuyeza, ndipo unati mwezi ukatha unditumizila chitseko chachitsulo cha pa msika wa Lundazi, chija chopaka utoto wofiila ngati geti ya sitolo. Ndinakuyankha kuti tidzakambilana. Sitinakambilane, chifukwa m'nyumba munali anthu ambili, ndipo Mphatso anali atatsegula nyimbo zake zija zogunda ngati mtondo. Ndiye ndati ndilembe. Pakamwa ndimazemba, koma ndikagwila bolopeni ndimanena zoona. Chimenecho ndiye ndinatsala nacho cha ku koleji.

Inde, ndinapita ku koleji, musadabwe. Ndinabadwila kufupi ndi Chipata, ndipo ndili ndi satifiketi ya kutayipa ndi kusunga mabuku a mu ofesi. Ndi ija ili m'felemu kuseli kwa kabati, imene Mphatso ali mwana ankati ndi chithunzi cha munthu amene anafufutika. Nayo ndinapeza nchito ku boma kuno ku Lundazi, mu ofesi ina yogula mbewu. Kumeneko ndi kumene agogo anu aamuna anandipeza, atabwela kudzagulitsa nshawa, n'kuyamba kutsutsana nane za sikelo. Tinakwatilana, Tiwonge n'kubadwa, atate ako iwe Wezi. Tiwonge asanayambe kukwawa, ofesi ija inatsekedwa, monga zinkatsekedwela zinthu zambili zaka zimenezo. Ndinabwela kuno ku Mphamba, kumudzi kwa amuna anga, ndi mwana kumsana, masutikesi awili ndi felemu ija m'khwapa. Anthu a kuno anandipatsa dzina la kwao, NyaMwale, ndipo ndinayamba kuphunzila Chitumbuka ngati mwana wa giledi wani.

Nyumba imene tinalowa inali ya mitengo yomata ndi dothi, denga la udzu, chipinda chimodzi. Chitseko chinali cha bango, chomangilila ndi luzi, pansi pake posiya mpata woti nkhuku n'kulowa osawelama. Tsiku lina masana ndikuchokela kumadzi ndinapeza Tiwonge atakhala pamphasa akuseka, akuloza pa mtsuko. Kuseli kwa mtsukowo kunali mphili, itadzipinda bwinobwino ngati nkhata. Sinamulume. Agogo anu anaipha ndi mpini, naitaya kuthengo, n'kupitiliza kudya. Ine kuyambila tsiku limenelo sindinakhalenso bwino. Ndinali mayi wamantha, ndikuvomela. Mwana akatsokomola kamodzi ndinkamumvetsela pachifuwa. Akagona nthawi yaitali ndinkamudzutsa, akalila ndinkamufufuza thupi lonse. Ndipo m'mutu mwanga munalowa chinthu chimodzi chabe: nyumba ya njelwa yokhala ndi chitseko cha matabwa chofika pansi penipeni.

Ndinagula kabuku ka ana a sukulu, n'kujambula pulani patsamba loyamba ndi lula. Zipinda zinayi, khonde, mawindo aakulu ngati a nyumba imene ndinkaisilila ku Chipata. Ndinakaonetsa a Mvula, mmisili wa kuno, amene anamanga theka la nyumba za njelwa zimene mumaziona mukamabwela. Anaigwila pulaniyo mozondotsa, anaiyang'ana mwaulemu, n'kundibwezela.

"Amama, yakongola," anatelo. "Manje malata muli nawo angati?"

"Palibe."

"Ndiye nyumbanso palibe. Musandiuze kukula kwa nyumba imene mukufuna. Mudzandiuze malata amene muli nawo, ine ndidzakuuzani nyumba yake."

Ndinakwiya, koma ndinamva. Khonde ndinalifufuta, chipinda chimodzi ndinachifufuta, mawindo ndinawachepetsa. Inu masiku ano mumasunga ndalama m'foni n'kumaziyang'ana zikugona. Nthawi imeneyo kwacha sinkagona, inkasungunuka. Ndalama imene lelo ikanagula lata, ukaisunga mpaka mvula, inkagula misomali yake chabe. Choncho lamulo langa linali lakuti ndalama isagone m'nyumba kupitilila sabata. Tikagulitsa fodya, malata atatu. Tikagulitsa nshawa, lata limodzi ndi misomali. Agogo anu ankawamangilila pa njinga kuchokela ku boma, iwo n'kumayenda pansi akukankha, malatawo akulila njila yonse, agalu a m'midzi akuwatsatila. Chaka cha chilala, chija tinadya chimanga chachikasu cha thandizo, sitinagule ngakhale msomali umodzi. M'kabukumo tsamba la chaka chimenecho ndi loyela. Koma sitinagulitsenso lata ngakhale limodzi, ngakhale panali masiku amene tinkagona ndi phala la madzi okhaokha. Pamenepo ndimadzitamandila pang'ono.

Zina zonse tinaganiza zochita ndi manja. Njelwa zoumba tokha, kumanga ndi dothi m'malo mwa simenti, simenti yopaka pansi m'chipinda chimodzi basi, mitengo ya denga ya bulugamu yosinthanitsa ndi mbuzi. Malo anatipatsa ndi apongozi anga aamuna, atate a agogo anu. Anayeza ndi mapazi awo, akukoka ndodo kumbuyo, ndipo anatipatsanso chulu chawo kuti tikumbepo dothi la njelwa. Anali munthu wamtali, wosalankhula kwambili, amene anagwilapo nchito ku migodi ali mnyamata. Ankandiitana kuti "kalaliki wane". Akandiona ndi kabuku ankati, "Kalaliki wane, lelo tafika pati?" Ndinkawaonetsa, iwo n'kugwedeza mutu ngati akuwelenga.

Malata palibe amene amabweleka. Njelwa palibe amene amapempha. Vuto linali matabwa.

Apa ndiyenela kukufotokozelani, chifukwa inu mwakula mabokosi a malilo akugulitsidwa m'mbali mwa msewu, ena mpaka a magalasi. Kale kumudzi munthu akamwalila, amuna ankayenda nyumba ndi nyumba kufunafuna matabwa. Amene ali nawo ankatulutsa. Siinali ngongole, palibe amene ankalemba, palibe amene ankabweza. Unkangodziwa kuti tsiku lako likadzafika, ena adzatulutsanso awo. Ndipo zaka zimenezo malilo anali ambili. Anyamata ndi atsikana amene anapita ku Lusaka ndi ku migodi ankabwela atawonda, kudzagona m'nyumba za amayi awo, ndipo mwezi sunkatha osamva kulila mbali ina.

Matabwa athu oyamba, anayi, anakhala nafe miyezi iwili, n'kupita ndi mwana wa anansi athu. Achiwili anali asanu ndi atatu, ogula ndi ndalama ya fodya wa chaka chonse imene inatsala titachotsa ya feteleza. Anapita ndi azakhali a agogo anu. Tsiku limenelo ndinalila kwambili pamalilo, anthu n'kumati NyaMwale ankawakonda azakhali. Titabwela kumanda ndinafunsa agogo anu kuti tidzamanga liti ngati zili choncho.

"Anyina Tiwonge," anatelo, "ukufuna ndikawauze kuti adikile kaye kufa mpaka titsilize nyumba?"

Chaka chotsatila ndinalima nshawa pamunda wanga wandekha, ndipo zinabeleka. Kumapeto kwa Meyi ndinakagulitsa pa msika wa Lundazi, koma kunyumba ndinatchula ndalama yochepa. Kenaka ndinati ndikupita kukagula udzu wofolela ku midzi ya kunjila ya ku Lukusuzi, kumene udzu umatalika bwino. Udzuwo ndinagula ndithu. Koma kumeneko kunalinso anthu ocheka matabwa. Inu simunaione sowo ija ya anthu awili. Ankakumba dzenje lalitali, n'kugoneka chipika pamwamba, wina n'kuima pachipikapo, wina m'dzenje, utuchi ukumugwela m'maso tsiku lonse. Thabwa limodzi linkatenga theka la tsiku. Ndinagula khumi ndi awili a mlombwa, otambalala, ofiila, onunkhila. Okwana zitseko zitatu. Ndinalipila bambo wina wa komweko wa ngolo ya ng'ombe, tinayala matabwa pansi, mitolo ya udzu pamwamba. Tinafika kuno Lamulungu m'mawa anthu onse ali ku tchalitchi, monga ndinakonzela. Fodya anali atapita kale kumsika, chigafa chathu chopachikamo fodya chinali chopanda kanthu. Tinaika matabwa pa njelwa zinayi kumapeto kwa chigafacho, n'kuunjika udzu wonse pamwamba. Amuna anga sindinawauze. M'kabuku ndinalemba kuti "udzu".

Patapita milungu inayi, apongozi aamuna anadwala chibayo. Lachiwili anagona, Lachisanu m'mawa anatisiya.

Ndalama ya fodya inali isanatuluke. Amuna anayenda mudzi wonse ndi midzi iwili yoyandikana, anabwela ndi thabwa limodzi lopindika ndi benchi yothyoka mwendo. Malilo a chaka chimenecho anali atasesa kale zonse. Kwa ocheka matabwa kunali ulendo wa tsiku lathunthu kupita kokha. Ine ndinali m'nyumba ya malilo ndi azimayi anzanga, pafupi ndi apongozi anga aakazi, aNyaNyilongo. Agogo anu anaima pakhomo n'kundikodola. Ndinatuluka.

"Anyina Tiwonge, m'kabuku kako mulibe kandalama kalikonse kotsala? Olo kochepa, tikayese ku boma."

"Mulibe," ndinatelo.

Sindinaname. Ndalama munalibe. Za matabwa sanandifunse, chifukwa sankadziwa kuti pali chofunsa.

Mudzafuna kudziwa chifukwa chake sindinanene. Ndaganizila zaka zambili, ndipo yankho lake si lalikulu. Poyamba ndinkati wina abweletsa, mudzi wonsewu sungasowe matabwa. Dzuwa litakwela ndinayamba kuganiza kuti ndikanena tsopano andifunsa chifukwa chimene sindinanenele m'mawa, ndi kumene ndinawatenga, ndi ndalama yake. Ndinkaonanso mphili ija kuseli kwa mtsuko. Ndinkadziuza kuti akatha kuimba nyimbo iyi ndidzuka. Nyimbo inkatha, ina n'kuyamba. Kenaka aNyaNyilongo anadzutsa mutu n'kuuza amuna amene anaima panja kuti, "Chotsani chitseko ichi. Tengani ndi thebulo."

Chinali chitseko chokhacho cha matabwa mumzele wonse wa nyumba zathu. Mwini wake anachigula atabwela ku migodi, ndipo anali ndi kiyi yake imene ankaimangilila pa lamba ngakhale loko inafa kalekale. Anachizula ife tili momwemo, kuwala n'kulowa m'nyumba monse. Posakhalitsa tinamva sowo, kenaka nyundo. Nyundo itayamba, ndinadziwa kuti nthawi yonena yatha, ndipo ndikuuzani zoona, mtima wanga unakhala pansi. Chimenecho ndiye chimandichititsa manyazi kuposa zonse.

Bokosilo analikuta ndi nsalu yakuda, koma nsaluyo inapelewela mbali imodzi. Pamene ankalinyamula kupita kumanda, ndinaona bowo la kiyi cham'mbali, cha kumapewa. Kalipentala anali atatsekapo ndi kamtengo, koma kanagwa panjila. Ndinayenda kumbuyo kwa bowo limenelo mpaka kumanda.

Mukudziwa mmene Julaye amazizilila kuno. ANyaNyilongo anapachika mphasa pakhomo, n'kumaitsamiza ndi mtondo. Mphepo inkalowa m'mbali. Tsiku lina mbuzi zinakankha mphasayo iwo ali kudimba, n'kudya ufa wonse wa m'lichelo. Anayamba kutsokomola. Ine ndinkawatolela nkhuni, ndinkawaphikila phala m'mawa ulionse, ndinasoka masaka awili a feteleza kuti akhale kuseli kwa mphasa. Azimayi kumpopi ankati, "Mkamwana ngati NyaMwale kulibe. Ophunzila ena amanyada, koma uyu yayi." Ndinkamwetulila n'kusenza ndowa yanga.

Nchito ya nyumba sinaime. Ogasiti tinaumba njelwa. Tinaitana anthu, ndinaphika thobwa migolo iwili n'kupha atambala atatu, ndipo amuna anapondaponda dothi la pachulu chija akuimba, chikombole chikuyenda dzanja ndi dzanja. Inu mumagula mabuloko opangidwa ndi makina, onse ofanana ngati sopo. Zathu zinali ndi zala za anthu, ina ili ndi phazi la Tiwonge, ili pakona ya kumbuyo, mukadzabwela ndidzakuonetsani. Tinaziwotcha mu uvuni masiku atatu. Seputembala a Mvula anayala malata athu onse pansi, makumi awili ndi anayi, anayeza ndi chingwe, n'kukhoma zikhomo. Nyumba inatuluka yochepelapo kuposa ya m'kabuku ndi phazi limodzi ndi theka, ndipo mpaka lelo bedi la m'chipinda chanu limagunda khoma mbali zonse ziwili. Malipilo awo anali mbuzi ziwili ndi matumba a chimanga.

Makoma atafika pamwamba pa mawindo, a Mvula anafunsa za zitseko.

"Chaka cha mawa," anatelo agogo anu. "Chaka chino tipachika masaka. Ngati amama akugona ndi mphasa, ife ndani?"

Ine ndinali pomwepo ndi ndowa ya madzi. Zitseko zitatu zinali mapazi makumi atatu kuchokela pamene tinaima.

Sabata iliyonse ndinkalowa m'chigafa ngati ndikufuna nkhuni, n'kupisa dzanja pansi pa udzu kuona ngati chiswe chalowa, n'kuwaza phulusa kuzungulila njelwa zija. Ndinaganiza zowagulitsa, koma akanatuluka bwanji osaonedwa? Ndinaganiza zowasiya kuti awole. Ndinafika polembela mlongo wanga wa ku Chipata kalata, yomupempha kuti adzanene kuti ndiye wanditumizila matabwa. Ndinaiika mu envulopu, ndinamata sitampa. Inakhala m'sutikesi milungu itatu, kenaka ndinayatsila moto. Sikuti mtima unandiletsa, ayi. Ndinangoona kuti mlongo wangayo sadziwa kunama, akanagwidwa ndi funso loyamba.

Pakati pa Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana masana, agogo anu ndi a Mvula anali pamwamba akukhoma malata. M'mawa wina aNyaNyilongo anafika pakhomo pathu atanyamula nkhata.

"Monile, amama," ndinatelo, nditagwada.

"Yewo. Mkamwana, denga langa likufuna udzu mvula isanabwele. Uli nawo wambili m'chigafa. Tiye ukanditwike."

Zonse analankhula m'Chitumbuka, koma ndikulembelani m'chinenelo changa. Tinalowa awili. Ndinathamangila kutsogolo n'kukoka mtolo wa kumbali ya khomo.

"Uwu ndi wabwino, amama. Wautali."

"Enya, wabwino. Ika apo."

Iwo anapitilila mpaka kumapeto. Anagwila mtolo wa pamwamba, n'kuugwetsa. Anagwila wina.

"Amama, ya uko inanyowa. Tengani ya kuno."

"Inanyowa ndi mvula iti?"

Anapitiliza, osafulumila, mtolo umodzi umodzi, akutsokomola pang'ono, mpaka thabwa la pamwamba linaonekela, lofiila ngati tsiku limene ndinaligula. Analipukuta ndi chitenje, n'kukhalapo, n'kutambasula miyendo. Ine ndinakhala pansi pa dothi. Kunja nyundo zinkalila padenga.

"Nkhuku yanga yamawanga inaikila apa," anatelo. "Juni atangoyamba. Ndinaitsatila. Mazila asanu ndi awili, ndinawatola pakati pa matabwa awa."

"Ndiye munadziwa."

"Enya."

"Nanga malemu adada ankadziwa?"

"Yayi. Ndikanawauza chifukwa chiyani? Ndinati mkamwana watopa ndi kugulila akufa, asiyeni."

Ndinafunsa chifukwa chimene sananenele tsiku la malilo. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana.

"Anali anga? Ndikanatsegula pakamwa pamaso pa anthu aja, iwe ukanakwela basi ya ku Chipata manda asanaume. Tiwonge akanatsala kuno, ndi wa kuno. Ine ndakalamba, sindingathe kuthamangitsana ndi mwana." Anatola kaudzu n'kuyamba kukathyolathyola. "Ndinakuyang'ana katatu tsiku lija. Katatu. Iwe unali kuwelenga mizele ya mphasa. Ndiye ndinati chotsani chitseko."

Sindinalile. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinalila. Ndinati atenge onse, a Mvula awapangile chitseko tsiku lomwelo, ndi thebulo lomwe.

"Chitseko changa chili kumanda, chikugwila nchito. China sindichifuna." Anamenya thabwa ndi chikhato. "Welenga asanu ndi limodzi. Ndiwe kalaliki, welenga."

Ndinawelenga, ndikuwagwila m'mphepete.

"Amenewo ndi anga. Usawacheke, usawakhomele. Popeza kusunga umakudziwa chomene, undisungile. Sindifuna kuti tsiku langa mwana wanga adzayendenso m'midzi ngati wopempha mchele. Otsalawo chita nawo zimene unagulila."

"Yewo, amama."

"Ndipo mwamuna wako umuuza wekha, lelo, dzuwa lisanapendeke. Ine katundu wako sindikusenzela. Manje nditwike udzu wanga."

Ndinawatwika, n'kupita.

Agogo anu ndinawaitana ali pa makwelelo, misomali ili kukamwa. Ndinanena zonse ndili chiimilile, a Mvula akumva, chifukwa ndinadziwa kuti ndikadikila kuti tikhale awili ndiyambanso kudikila nyimbo ina. Anatsika. Analavulila misomali m'dzanja, n'kuiika m'thumba, n'kupita kuchigafa. Ndinawatsatila. Atafika, anakanda thabwa limodzi ndi chikhadabo.

"Mlombwa wabwino," anatelo. "Adada akanaukonda."

Sanandimenye, sanakweze mawu. Milungu iwili anakadya kwa amayi awo, ndipo chakudya chimene ndinkawaikila chinkabwela mmene ndachiikila. Tsiku lina m'mawa anatenga matabwa aja awiliawili paphewa, n'kudutsa nawo pakati pa mudzi kupita ku nyumba yatsopano, maulendo asanu ndi limodzi, pamene njila yachidule ya kuseli inalipo. Aliyense anaona, ndipo aliyense anawelenga miyezi. Kumpopi anasiya kunditamanda. Ndikafika ankangoti zii, wina n'kunena chapansipansi kuti, "Mupatseni njila NyaMatabwa, angatibise pansi pa udzu." Dzina limenelo mwalimvapo kwa azimayi achikulile a kuno, ndipo Mphatso anandifunsapo ngati ndinkagulitsa matabwa. Sindinagulitsepo.

Anayi anapanga chitseko cha kutsogolo, chomwe chija mumachimenyetsa mukamathamangitsana. Chimafika pansi penipeni, ndinaimilila pambali pa kalipentala mpaka anachita mmene ndinkafunila. Awili anapanga zotsekela mawindo a chipinda cha Tiwonge. Asanu ndi limodzi tinawagoneka pa mitanda ya denga, pabalaza, poti aliyense wolowa akakweza maso awaone. Kwa amayi awo agogo anu anakhomela lata lotsala pa felemu ya mitengo, ndipo aNyaNyilongo analilandila chifukwa silinali la matabwa anga. Linkalila ngati beseni mphepo ikaomba. Makomo a m'kati tinapachika nsalu. Tinalowa m'nyumba masiku anayi mvula yoyamba isanagwe, ndipo Tiwonge analila chifukwa cha phokoso la malata, anali asanalimvepo ali m'kati.

ANyaNyilongo anakhala zaka zina khumi ndi chimodzi. Malilo ambili anachitika m'zaka zimenezo, koma palibe anapempha matabwa a padenga, onse ankadziwa mwini wake. Akabwela kudzacheza, asanakhale pansi, ankakweza ndodo n'kuwagogoda limodzi limodzi.

"Kalaliki, chiswe sichinalowe?"

"Sichinalowe, amama."

"Ndimadziwa. Kwa iwe sichingalowe."

Sindikudziwa ngati anandikhululukila. Sananene, ine sindinafunse. Tinkadyela mbale imodzi, ndipo pamene anadwala komaliza anakana aliyense kuwasambitsa kupatula ine. Atamwalila, agogo anu anakwela pampando n'kutsitsa matabwa aja, ndipo amuna sanayende nyumba ya munthu aliyense. Bokosi lake linalibe bowo paliponse. Ndinalizungulila ndekha lisanakutidwe nsalu.

Zinthu zitayamba kutiyendela, agogo anu anagula chitseko cha chipinda cha ana. Anafunsa ngati agulenso cha chipinda chathu, ndinati asiye. Sanafunse chifukwa. M'malo mwake, fodya atagulitsidwa chaka chimenecho, ndinagula matabwa ena asanu ndi limodzi n'kuwaika pa mitanda pomwe paja. Amenewo analibe mwini. Anakhala miyezi isanu n'kupita. Ndinaikanso ena. Musaganize kuti ndinasanduka munthu wabwino. Nthawi iliyonse akamatsitsidwa, m'mutu mwanga ndimaona zitseko, ndipo ndimadziwa mtengo wake wa chaka chimenecho. Kuno si onse angathe kugula mabokosi a m'mbali mwa msewu aja, ngakhale lelo.

Iwe Wezi ndamva kuti wagula puloti ku boma ndipo uli ndi pulani ya zipinda zisanu m'foni. Chotsako ziwili. Yamba ndi denga, ndalama isagone m'thumba, ndipo mkazi wako aziona zonse zimene walemba, ngakhale zimene watcha udzu.

Za chitseko chachitsulo, ndathokoza, koma usatumize. Nsalu ija ndimaichapa Loweluka lililonse, ikang'ambika ndidzagula ina. Ngati ndalamayo ikukuyabwa, gula matabwa asanu ndi limodzi. Mlombwa unasowa, olo a paini ali bwino. Ubwele nawo masana, pamwamba pa galimoto, osawafunditsa kanthu. Amene analipo anapita mwezi watha, ndipo pa mitanda palibe kanthu.